Wogulitsa Bakayawo

Zaka makumi atatu ndi zinayi
ndakhala ndikuima kuseli kwa sikelo
pamsika wa Bolhão, muno mu Porto,
kudula bakayawo ndi chimpeni cha malemu bambo,
mchere ukulowa m'ming'alu ya zala
mpaka unasiya kundinyerenyetsa.

Lachiwiri lina namwino Filomena
anandimanga lamba pamkono, napopa,
nakhala chete kanthawi.
Mayi Ermelinda, magazi anu akuthamanga
ngati munthu wothawa ngongole.
Kenaka anagwada, nadina chala pakakolo panga.
Chala chinachoka, dzenje n'kutsala,
tonse awiri tili maso tong'o
kudikira kuti lidzaze.

Siyani mchere, anatero.
Ndinaseka mpaka msana unandikumbutsa
kuti nawonso uli ndi mlandu wake.
Mchere ndiwo unaphunzitsa ana anga,
mchere unakonza denga litadontha,
unagula bokosi la amayi.
Lero ndiuuze kuti pita kwanu?

Kwathu n'kumtunda.
Kuchoka kumtsinje wa Douro kukafika pakhomo
pali masitepe amene kale sindinkawawerenga.
Tsopano ndikuwadziwa onse ndi maina:
iyi ndi ya khoma lobiriwira pamene ndimapumira,
iyi ndi ya mphaka wa diso limodzi,
iyi ndi imene msana umati waya!
ine n'kugwira chitsulo, kunamizira kuona maboti.

Amândio, mwamuna wanga, sadziwa kutonthoza ndi pakamwa.
Anangotenga kabotolo ka mchere patebulo
n'kukabisa m'thumba la jekete lake la kutchalitchi,
ngati sindine amene ndimalichapa.
Nsomba yathu amainyika masiku atatu,
kusintha madzi m'mawa, masana, usiku,
mpaka itaiwala kumene inachokera.
Amathira adyo, mandimu, mafuta a azitona.
Sabata yoyamba ndinkadya ngati ndikutafuna nsanza.
Yachitatu lilime linadzuka,
ndinamva kukoma kwa mbatata
kumene mchere unandibisira moyo wonse.

Piritsi loyera ndimamwa tambala wa aneba asanatope kulira.
Lina, lachikasu, limatulutsa madzi m'thupi,
ndiye pofika naini koloko ndimakhala ndathamanga kanayi,
Zulmira wogulitsa maluwa akundigwirira benchi.
Iye amaba pang'ono pasikelo, kukomera makasitomala.
Ndimaona, koma wopempha sakalipa.

Ndinagula kampando.
Ine amene ndinkanyoza ogulitsa okhala pansi,
lero mwendo uli pakabokosi,
masokosi othina afika m'mawondo,
nsapato za Amândio kumapazi, poti zanga zinandikana.
Matumba olemera amanyamula mnyamata, Telmo.
Ndikaiwala n'kuwerama ndekha
amandikalipira ngati ndine mwana wake.

Madzulo ndimagona chagada pamphasa ya pabalaza,
miyendo yasanjikidwa pamitsamiro itatu,
kumvera madzi akutsika pang'onopang'ono
kubwerera kumene anathawa.
Amândio amavala magalasi, amandimanga lamba,
nalemba manambala m'kabuku kangongole kakale,
pansi pa maina a anthu amene sanandilipire.
Masiku ena nambala imatsika, timagawana lalanje.
Masiku ena imakwera popanda chifukwa,
kapena chifukwa ndi mwana wathu wa ku Lyon
amene foni yake imangoitana.

Si kuti ndachira, ayi.
Filomena akuti awa ndi matenda okhala nawo,
ngati mlendo amene wabwera ndi katundu wake yense.
Dzulo ndinanyambita chala nditadula nsomba,
chizolowezi chabe,
ndipo ndinaima pomwepo ngati wakuba.

Bakayawo ndikugulitsabe.
Koma pokulunga m'pepala ndimayang'ana pansi,
kumapazi a wogula.
Ndikaona kakolo watutumuka pamwamba pa nsapato
ndimamugwira dzanja pomupatsa chenji:
mayi, kainyikeni masiku atatu,
musaumire madzi,
ndipo Lachiwiri kachipatala kapakona
sikakhala ndi mzere wautali.