Mtembo Wopuma

Ku Chibavi, kuseri kwa chigayo,
kunali kanyumba ka zigwagwa kodontha,
chinsalu chakuda pakhomo,
ndi Zgambo, mwini deki ndi jenereta,
wodziwa zinsinsi zonse za nkhondo
ngakhale mfuti sanaigwirepo.

Filimu inali yomweyomweyo,
ya asilikali asanu ndi phiri la adani,
tepi yotopa, mawu othothoka,
mizere yoyera ikuwaza ngati mvula ya mu Julayi.

Linga likamaphulika
Zgambo ankaimitsa chithunzi:
"Taonani bwino, afana inu.
Lingali ndi la makatoni,
kutalika kwake ngati benchi mwakhalapoyo.
Akasinjawo ndi zidole.
Magazi ndi tomato wam'botolo.
Uyu wadumpha pathanthweyu si mwini filimu ayi,
ndi waganyu, angomuveka tsitsi.
Mwini wake ali pamthunzi, akumwa tiyi."

Ankazidziwira kuti?
Ankati m'magazini yomwe anamukulungiramo mandasi
padepoti.
Theka la tsamba linadyedwa ndi mafuta,
theka losowalo ankadzaza yekha.

Ankaloza wandevu wina akugwa mumtsinje:
"Sungani nkhope yake. Dikirani."
Patapita mphindi khumi uyo,
wavala yunifolomu ya adani,
wafanso, ulendo uno pawaya.
"Amafa katatu ameneyu, malipiro amodzi."
Ife phwete, mpaka kutsetsereka m'mabenchi.

Kumbuyo, pafupi ndi ndowa yolandira madontho,
kunkakhala a Luhanga, mlonda wa sitolo ya matayala,
jasi la ku Moyale lotsala mabatani awiri.
Anthu ankati anaperekezapo sitima ku Mozambiki
zaka zomwe njanji inkadya anthu.
Sankaseka. Sankatsutsa.
Mfuti zikalira, dzanja lawo linkafufuza pansi pa benchi
n'kubwerako ndi makoko a nzimbe.

Tsiku lina Zgambo anatulukira china.
"Pakona apo, kumanzere. Wafa kachitatu uja.
Muoneni pamimba."
Mtembo unkapuma.
Malaya kukwera, kutsika, kukwera,
kenako chala, mobisa,
n'kukanda pomwe inaluma nyerere.
Denga linatsala pang'ono kusasuka ndi chikhakhali.

Filimu itatha, onse atabalalika,
ndinatsalira, kufuna silipasi yanga mumdima.
Ndinamva ndalama ikulira padeki.
"Tabweza pajapo."
Zgambo anabweza.
"Bwezanso."
A Luhanga anasendera mpaka mphuno kugunda galasi,
nkhope yawo yobiriwira ndi kuwala kwa nkhalango yabodza,
kuwerenga mpweya wa munthu wakufa:
kamodzi, kawiri, kasanu.

"Tepi imadyeka tikamatere, mdala,"
anadandaula Zgambo,
koma chala chake sichinachoke pabatani.

"Ndiye kuti akatha amadzuka?"
"Amadzuka. Amasasa fumbi, n'kukafola pamzere wa chakudya."
"Onse?"
"Onse."

Anagwedeza mutu nthawi yaitali.
Anatchula mayina awiri motsitsa,
mayina osapezeka pamndandanda woyenda kumapeto kuja,
n'kumanga mabatani awo awiri
n'kulowa munkhungu
kukalondera matayala a eni.

Silipasi ndinaipeza, yonyowa.

Kanyumbako anakaphwasula kale,
pano pali ogulitsa mayunitsi.
Koma nkhondo ikayamba pakanema
ine sindiyang'ana mwini filimu.
Maso anga amathawira kumakona, kwa ogona pansi,
ndipo ndimadzipeza ndagwira mpweya wanga
mpaka mmodzi atapuma.