Mafupa a Dola Imodzi

Wogulitsa nyama pa Machipisa anandifunsa m'Chishona
ngati ndili ndi galu kunyumba.
Ndinati eya.
Choonadi chikanatalika, ndipo kumbuyo kwanga kunali mzere.

Mafupa a dola imodzi:
bondo la ng'ombe, chiboda chong'ambidwa pakati,
ndi fupa la mwendo lochekedwa ndi makina,
mkati mwake mafuta otuwa ngati kandulo.

Kuno ku Highfield magetsi amabwera ngati mbala,
cha m'ma teni usiku, ana atagona.
Ndinadikira nditatsamira chitseko, poto ali pa mbaula yozizira,
mpaka babu linaphethira.

Madzi oyamba ndinataya.
Achiwiri anatulutsa thovu lotuwa
ndipo ndinalichotsa ndi chipande, kanayi, kasanu,
mpaka ndinaona pansi pa poto.
Anyezi ndi makoko ake omwe. Adyo. Mchere pang'ono.
Supuni ya viniga, poti amayi a Tsitsi a kuseriku amati
fupa silipereka kanthu ukalilamula,
limafuna kunyengerera.

Ndinachepetsa moto.
Msuzi wotere suwira ngati mkangano,
umangong'ung'udza pansipansi
ngati munthu wowerenga ngongole zake mumdima.

M'chipindamo a Jailosi akutembenuka, bedi likulira.
Milungu itatu tsopano chigwereni pa makwerero ku Borrowdale,
akumanga chipinda chosanja cha munthu
amene dzina lake sakulidziwa.
Ku Parirenyatwa anawakuta mwendo ndi pulasitala,
nati fupa lidzilumikiza lokha, muzidya bwino.
Kapitawo anatumiza madola makumi awiri ndi moni.

Wani koloko. Ndinawonjezera madzi.
Fili koloko, mawindo anachita thukuta,
fungo linalowa m'makatani, m'yunifolomu ya mwana, m'tsitsi langa.
Ndinasinza pa mpando.
Ndinalota agogo akutsika sitima kuchokera ku Dedza
ndi kasutikesi ka malata,
msana uli chilili, mafupa onse ali athunthu.

Faifi isanakwane magetsi anapita osatsanzika.
Ndinasefa ndi nsalu yoyera yotsala pa diresi ya ubatizo.
Wotsala m'mbale utazizira unagwirana,
ukunjenjemera ndikagunda tebulo.

A Jailosi anamwa makapu awiri, maso ali kukhoma.
Anati mchere wachepa.
Kenako anapempha lachitatu.

Ndinatola bondo lija m'poto.
Lopepuka, mabowo okhaokha ngati chisa cha njuchi chokololedwa.
Ndinalitsina, linafumbutuka pakati pa zala.
Ndinaima nalo nthawi yaitali,
ndikumva makombi akuitanira anthu a ku tauni,
amuna akuthamanga ndi zikwama za zipangizo kumsana.

Zotsalazo ndinaponyera galu wa amayi a Tsitsi,
kuti bodza la dzulo lichepeko.
Ananunkhiza, anandiyang'ana,
nabwerera kukagona pamthunzi.