Chikhatho cha Mphira

Zaka makumi atatu ndinasanja zilembo ku Gavamenti Pulinti,
timalemba tating'ono ngati njere za mpiru,
ndiye wina asandiuze kuti kuwerenga sindikudziwa.
Koma lero pa Chinamwali, pansi pa malata a Che Kaisi,
ndagwada m'fumbi, magalasi ali pamphuno,
kuwerenga nthiti ya tayala
ngati mwana wa sitandade wani.

Njingayi si ya kabaza.
Inafika pa lole kuchokera ku Joni
patatha mwezi titaika achimwene anga a Faitoni,
ndipo ikagwa, amuna atatu amakhetsa thukuta poidzutsa.
Matayala ake anatha mano.
Zatsala nkhama zokhazokha.

Che Kaisi sayamba ndi mtengo.
"Kumbuyo kukhala ndani?"
Mayi akunyumba.
"Katundu?"
Zikwama ziwiri, ndi mpunga wa ku Jali
wopita kwa mwana wathu ku Rumphi.
"Msewu wake?"
Phula, kenako zigamba, kenako pemphero.

Agubuduza loyamba, lofewa ngati chingamu.
"Ili limakumbatira kona ngati mkwati,
koma miyezi isanu, mwabweranso kudzandipatsa moni."
Lachiwiri ndi louma mtima,
lidzakalamba nanu limodzi,
koma mvula ikagwa pa Domasi silidziwa munthu.
Lina la zibuma ngati nanazi, la matope,
pa phula limalira njira yonse ngati galu womangidwa.

Pakona pali lina lonyezimira polishi,
mtengo wake theka.
Mtima wanga wa penshoni wathamangira komweko.
Apa ndiye ntchito yakale yandiombola:
manambala anayi m'kabokosi, sabata ndi chaka.
Tayalali linaumbidwa mdzukulu wanga asanabadwe,
ndipo mdzukuluyo pano akuwerenga mataimusi.
Ndalipinda ndi bondo,
timing'alu tatseguka ngati chidendene cha mu Okutobala.

Emelesi sanalankhule chifikireni.
Wayandikira, wadina lililonse ndi chala chachikulu
momwe amadinira mapeyala mumsika.
Waima pa lina lomwe sitinalione,
pakati polimba, m'mbali mofewa,
mizere yake yopendekera yothawitsa madzi.
"Nambala ya kulemera ili pati?"
Che Kaisi aloza.
Iye awonkhetsa chamumtima: njinga, ine, iye, mpunga,
ndi mbatata zomwe adzagule pa Tsangano ndikamadzakana.
"Ili. Ndi mnzake wakutsogolo, a mtundu umodzi.
Nsapato zosiyana sindiyenda nazo ulendo."

Mtengo wake wandiumitsa malovu.
Ndi malata khumi ndi awiri a khitchini yosafolera ija.
"Khitchini idikira," watero Emelesi,
"bondo langa alibe lina m'sitolo."

Powapopa, Che Kaisi atambasula dzanja lawo lakuda ndi oyilo.
"Bambo, chinjinga chonsechi, ndi inu awiri,
chimakhudza pansi ndi malo ochepa chonchi.
Chikhatho kutsogolo, chikhatho kumbuyo.
Mpweya muziyesa m'mawa, tayala lisanatenthe.
Ndipo latsopano limaterera ngati mlamba,
musalionetse ukatswiri sabata ino."

Madzulo takwera ku Chawe kukaliyesa.
Chifunga chatsika kudzatichingamira pa kona yachitatu,
masamba a paini anyowa pa phula,
lole ya matabwa ikutsika ikununkha mabuleki,
anyamata a masitirobele akuthamanga ndi timbale.
Ndapendeka pang'ono, pang'ono zedi,
ngati wopereka moni kwa apongozi.
Tayala lagwira.

Pansi, Zomba wayatsa nyali imodziimodzi,
Mulunguzi akumveka koma sakuoneka.
Zala za Emelesi, zomwe zinandikanikiza nthiti kuchokera pa Boma,
zamasuka.
Ndamva chipewa chake chikugogoda changa,
akunena kanthu, mphepo yatenga theka.
Ndamvapo mawu awiri okha:
Rumphi,
Loweruka.