Chenji cha M'chidebe

Mwezi wa Juni ku Jeppe
chisanu chimalowera m'zikhadabo.
Ndimafika kusanache, kuseri kwa galaja komwe timaphika sopo,
ndimathira soda m'madzi, osati madzi mu soda.
Anandiphunzitsa ndi MaNdlovu tsiku loyamba
akundionetsa chipsera chonga mapu pamkono wake.
Ndikavundula ndi thabwa chidebe chimafunda,
kenako chimatentha, nthunzi tolotolo,
koma pansi palibe nkhuni, palibe khala, palibe waya.
Zaka zisanu ndi zinayi ndaotha moto wosaonekawu
osaufunsa kwawo.

Dzulo magetsi anathima tikudya.
Mwandida anayatsa kanyali ka sola kaja tinagula mu Small Street
natsegula buku lake la sayansi, lothothoka chikuto.
Ndinati, iwe wamasukulu,
chimatenthetsa chidebe changa n'chiyani?

Anati, amayi, tizidutswa ta soda n'togwirana manja.
Kuti tilekane pamafunika kulipira.
Tikalekana timakumbatirana ndi madzi,
ndipo kukumbatiranako kumabweza zoposa zimene zinalipidwa.
Zotsalazo ndi chenji.
Chenjicho n'chimene mumamva m'manja.

Ndinakhala duu.
Ndinakumbuka mtengo wa kulekana:
mbuzi ziwiri, wailesi ya malemu bambo ake,
masiku atatu m'basi, mapazi otupa pa Beitbridge,
amayi anga ataima pamsewu pa Ntcheu osakweza dzanja.
Sindinawerengebe ngati Joni wandibwezera chenji.

Ziliponso zina zimene zimamwa kutentha, anatero.
Mukukumbuka kathumba ka kuchipatala cha Hillbrow
mutabinya bondo pothawa galimoto ya apolisi?
Nesi anakafinya, kanazizira ngati mwala wa mumtsinje,
kanayamwa moto wa m'bondo mwanu.
Ndinati ndikukumbuka.
Masiku ena mzinda uno ndi kathumba komweko.

Kenako analoza kanyali.
Kuwala nakonso, amayi, sikuyenderera ngati madzi a pampopi.
Kumabwera timibulu timibulu,
kalikonse kathunthu, kosabenthuka.
Kofiira n'kopepuka m'thumba, kabuluu n'kolemera.
Pali zitsulo zina zimene mungaziwalitsire kofiira usiku wonse,
timibulu chikwi, zikwi zikwi,
osagwedezamo kanthu.
Koma kubwere kamodzi kokha kokwana mtengo,
kanthu kamadumpha m'chitsulomo nthawi yomweyo.

Ndinati, asa! Sitingasonkhe?
Mu takisi ya ku Bree timapatsirana makobili kuchokera kumbuyo
mpaka akwane m'manja mwa dalaivala.
Chilimba chathu cha amayi khumi ndi awiri
chinagula filiji ya Nasibeko, chinatumiza maliro ku Mangochi.
Anaseka mpaka lawi loyera la kanyali linanjenjemera patebulo.
Pachitseko chimenecho salandira zosonkha, amayi.
Aliyense amagogoda yekha.

Zimenezo sizinandikomere.
Ndaimapo pamizere ya mapepala kuyambira mbandakucha,
ndikudziwa zitseko zotere.
Ndinamuyang'ana mwanayu, chala chili pamzere wa manambala,
milomo ikuyenda chamumtima,
juzi yasukulu yong'ambika pachigongono,
ndipo sindinanene zimene ndinaganiza.

Magetsi anabwera cha m'ma leveni, filiji ya aneba inatsokomola.
Iye anali atagona, tsaya pabuku.

Lero m'mawa ndaika kanyali pawindo kuti kadye dzuwa.
Linali likutuluka kuseri kwa milu yachikasu ya m'migodi,
ndipo kwa nthawi yoyamba ndaliona ngati mapira
akuwazidwa pamalata onse a Jeppe, kambewu kamodzikamodzi,
pa nyumba za eni dziko ndi pa zathu zomwe.

Kuntchito ndathira soda, ndavundula.
MaNdlovu wandipeza nditatambasula manja pamwamba pa nthunzi.
Wafunsa ngati ndikupemphera.
Ndati ayi, mayi,
ndikulandira chenji changa.
Wapukusa mutu, wati mafuta akudikira,
maoda a ku Yeoville ndi mabokosi makumi atatu.