Banga pa Katoni

M'mawa uliwonse ndinkakoka katoni
pansi pa Landi Kuluza ya malemu atate
n'kuwerenga banga lofiira ngati kalata.
Mu Juni linali kanjere ka nzama.
Pofika Okutobala linakwana chikhatho changa,
nyerere zikulilambalala.

Ndinkangothira. Botolo ku Kapata, botolo pa Mwami,
ngati wodyetsa mbuzi ya mnansi.
Kenaka pa mtsetse wa ku Mambwe,
nditasenza matumba khumi a mtedza
ndi mayi wina wofukatira tambala,
chiwongolero chinabuula
n'kuuma gwa m'manja mwanga, pakhona penipeni.
Ndinachipinda ndi mapewa, ndi mano omwe.
Tonse tinali duu. Anakuwa ndi tambala yekha.

Yelesani Njobvu wa ku Mchini,
amene galaja yake ndi mthunzi wa mango
ndi chitsulo chopachikapo tcheni,
anagwada, anapaka chala, ananunkhiza.
"Mlongo, labala yatha, shafuti yadyeka.
Bokosili laona mvula zambiri kuposa iwe."

Lina tinakalipeza ku Katete,
m'galimoto yomwe inagubuduka ndi thonje chaka chatha.
Za woyendetsa, mwini wake sanafune kunena.
Anawerenga ndalama kawiri
n'kutikulungira bokosilo m'thumba la feteleza
ngati mutu wa nkhumba.

Loweruka ndinagona chagada pa saka,
fumbi la ku Mfuwe la zaka makumi atatu
likundigwera m'maso, m'kamwa.
Mabawuti atatu anamvera sipanala.
Limodzi linakana.
Tinalithira palafini, tinaligogoda ndi nyundo,
tinalumikiza paipi ku sipanala n'kulendewerapo awiri,
Yelesani analitukwana m'Chinsenga.
Nditapukuta girisi ndinaona zipsera pamutu pake,
mano a tchizulo, akalekale:
atate anafikapo apa,
tsiku lina lomwe sanatiuze,
nagona pomwe ndagona ine,
namanga ndi mphamvu za munthu
wosafuna kudzabweranso.

Mithunzi itatalika linalira kamodzi, n'kulola.
Bokosi linatsikira pachifuwa panga,
lolemera ngati mwana wogona,
likuchucha zotsala zake pamalaya.

Latsopano, lomwe si latsopano,
linalowa monyinyirika.
Mapaipi awiri, mkono wa pansi, nati yaikulu,
mafuta ofiira mpaka pamzere.
Matayala ali m'malere pa jeki, Yelesani anati:
"Pinda mpaka pothera, bwerera mpaka pothera,
mpweya utuluke."
Kumanja. Kumanzere. Kumanja.
Thovu linkakwera m'kachitini ngati thobwa lagonera,
ine ndikukhota makhona onse a chigwa cha Luangwa
osasuntha ndi phazi lomwe,
zikhatho zili pomwe pulasitiki inasalala
ndi thukuta la munthu wina.

Tinakayesa pa msewu wa ku Lundazi kutada.
Kupepuka kwake! Chala chimodzi chikwana.
Koma taphonya dzino limodzi pomanga:
chiwongolero chapendekera pang'ono,
ndipo kuti ndiyende molunjika
ndiyenera kuchigwira chokhota.
Kaya ndi ife, kaya ndi khalidwe la bokosilo,
likukumbukirabe khona la ku Katete
lomwe mnzathu uja sanalimalize.

Yelesani anati ndibwere Lolemba.
Papita Malolemba atatu.
Manja azolowera.

Lakale lija lili kuseri kwa bafa, pa njerwa ziwiri.
Anyamata ogula zitsulo afunsa kawiri,
sikelo ili m'manja,
ndawauza kuti mwini wake wachokapo.

Lero ndakokanso katoni.
Youma. Fumbi lokha, ndi nyerere
zikudutsa pakati penipeni.
Ndayiyang'ana nthawi yaitali ndili chinjutire,
injini ikutenthetsa,
ngati munthu amene wauzidwa ku positi
kuti lero kulibe kalata yake.