Ntchentche ya Nthenga

Malume Jerivaziyo anabwera nayo kuchokera ku Zomba
chaka chomwe mfuti zinatonthola:
ndodo yopyapyala, yothyoka kunsonga,
yomangidwa ndi ulusi wa thumba la feteleza.
Anzawo anabwerako ndi malata, ena njinga, ena mkazi.
Iwo ndodo yowezera nsomba.
Mayi anaseka mpaka kupukuta misozi ndi kapulana.

Pothawa nkhondo, akuti, ankanyamulira mzungu wina zikwama
m'mbali mwa Mulunguzi, pamwamba pa phiri,
kumene kuli nsomba yamawangamawanga, dzina lake tirauti,
yomwe imadya ntchentche yabodza
ikaiona ikutera mwaulemu.
"Kuno ku Tsangano kulibe," ankatero,
"koma madziwa kuzizira kwake ndi komweko."

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, wotopa ndi kukumba kachewere,
pamene anandiitana Loweruka lina mu Juni,
chisanu chitayera pa udzu ngati ufa wotayika.
Ndinatenga khasu lokumbira nyongolotsi. Anandilanda.
Anatsegula kabokosi ka machesi,
m'katimo timbedza titatu tovekedwa nthenga ya nkhanga,
ubweya wakumchira kwa mbuzi yathu
ndi ulusi wofiira wosolola ku juzi ya mayi.
Mayi mpaka lero akuti ndi makoswe.

Kuponya koyamba ndinakola nthambi ya katope.
Kachiwiri khutu langa lomwe.
Kachitatu chipewa cha malume chinauluka
n'kukatera padziwe, icho chokha mwaulemu.

"Felisimina, chingwechi si chikwapu cha ngolo.
Madzi sanakulakwire.
Imitsa dzanja kumbuyo, dikira chiwongoke,
ndiye upereke
monga umaperekera madzi akumwa kwa mlendo."

Anandiphunzitsa kuyenda chokwera mtsinje
poti nsomba zimapenya komwe madzi akuchokera,
kunyonyomala kuseri kwa thanthwe
poti mthunzi wako umafika iwe usanafike,
kugubuduza mwala ndi kuwerenga tizilombo tapansi pake
ngati mayi akuyang'ana zomwe zatsala m'nkhokwe.
Mapazi anafa dzanzi. Mano ankagwedera.
Masabata asanu, osakola kanthu
koma masamba ndi chimfine.

La chisanu ndi chimodzi dzuwa litapendeka,
nthenga ija inatera yokha, ine osaiuza,
pamalire a thovu ndi madzi odekha.
Inayandama. Inazungulira.
Phwi!
Ndodo inanjenjemera ngati yagwidwa malungo,
kunjenjemerako kunatsika m'dzanja mpaka m'mimba.

Kanali katemba kamizeremizere, kotalika ngati chala chamkombaphala.
Malume ananyowetsa manja, nakachotsa mbedza,
nakayang'ana nthawi yaitali,
kenaka n'kukabweza m'madzi.
Ndinakuwa: ndiwo zimenezo!
"Ukakadya lero, mawa ukuphunzitse ndani?"
Kunyumba tinadyera nkhwani wopanda tomato,
mayi osatilankhula.

Zaka zapita. Ndimabaya anthu jakisoni kuchipatala ku Tete
komwe ngakhale madzi a mumpopi amatuluka otentha.
Chaka chatha ndinakwera shapa kukawaona,
maso atachita ng'ala, manja osatha kulowetsa ulusi m'mbedza.
Ndinati, malume, tandiuzeninso za tirauti yanu yaikulu ija.
Anakhala chete, akupapasa ndodo pamiyendo.
"Ine sindinagwirepo ngakhale imodzi, mwana wa mlongo wanga.
Ndinkangoima kumbuyo ndi zikwama, n'kumaona dzanja lake.
Ndodoyi ndinaitola ataitaya."

Madimba afika m'milomo ya mtsinje tsopano,
katope uja anamuotcha makala,
dziwe lija mwana akhoza kulilumpha.
Ndinapitabe m'mawa, nsapato m'manja.
Ndinaimitsa dzanja kumbuyo, ndinadikira,
ndipo mbedza inakola chimanga cha eni ake.
Ndinamva kuseka kumtunda.
Anali atanditsatira ndi ndodo yoyendera,
akufunsa ngati khutu lili bwino.