Maso a Legeni

Folo koloko m'mawa, Mzuzu akadafunda nkhungu,
ndinaimika galimoto ku Katoto, pa geti lobiriwira.
Mayi Nyaluhanga anatuluka ndi fulasiki ya tiyi,
ndodo, ndi kope lomanga ndi mphira,
zoonera patali zikulendewera pachifuwa.

"Ng'ala yandidyera diso lakumanzere," anatero,
"lakumanjali likudikira mpeni wa dotolo.
Lero maso ndiwe, Vitumbiko.
Ine ndabwera ndi makutu."

M'kopemo munali mbalame za zaka makumi atatu,
iliyonse ndi tsiku lake, malo ake,
zilembo zoongoka za mphunzitsi wopuma.
Mzere umodzi wokha unali mbee:
lumbe wa nthenga zazitali,
uja amakoka nsalu ziwiri mumdima.

Tinadutsa Luwinga anthu a makala akukankha njinga,
Ekwendeni tambala akukangana,
Rumphi tinagula nthochi,
kenako fumbi, fumbi lokhalokha mpaka ku Vwaza.

Kumeneko udzu unali utapsa ndi dzuwa la Novembala.
Mvuu zinaunjikana m'matope a Kazuni
ngati miphika yovundikira.
Njovu yaikazi inatiyang'ana nthawi yaitali,
n'kuona kuti sitili kanthu.
Kashembe anandiluma pakhosi, kawiri.
Mayi sanafunse za njovu.
"Tazimitsa injini. Wamva?
Nsadzu uyo, akuitana munthu wa nkhwangwa."
Ndinamupeza panthambi youma, wotuwa ngati phulusa.
"Nanga mngoli ukulira kutaliwo?"
Anang'omba atatu, ndinatero, akuyenda ngati akuluakulu a mpingo
ochedwa ku maliro.
Anaseka mpaka tiyi kutayikira pachitenje.

Masana, pansi pa mthethe, anandifunsa:
"Maso amenewa unawatenga kusukulu iti?"
Ndinatafuna nthochi nthawi yaitali.
Ku Chibavi, mayi, m'dambo la Lunyangwa.
Mphunzitsi wanga anali legeni.
Ndinkadziwa pomwe pumbwa amatera,
mbali yomwe njiwa imathawira,
timba ndinkamugwetsa asanamalize nyimbo.
Thumba la yunifolomu linkanunkha nthenga.
Ndipo lumbe ndinamuonapo, kamodzi,
m'dzanja langa, akadali wofunda.
Nthenga zake ziwirizo ndinazisomeka pachipewa.

Sanandidzudzule.
Anapukuta magalasi ndi nsonga ya mpango,
nati, "Ndiye uli naye ngongole."

Tinadikira mpaka mlonda wa pachipata
anayamba kuloza wotchi yake.
Kunabwera nkhwali, kunabwera nkhanga makumi awiri,
nantchengwa anadutsa ndi kamtengo kukamwa.
Lumbe ayi.

Pobwerera sitinayankhulane.
Mvula yoyamba inatipeza pa Enukweni,
fungo la dothi linalowa pazenera,
inswa zikudziponya pa nyali za galimoto.

Titakhota ku Dunduzu, magetsi a tauni akuoneka,
ndinasiya tala kuthawa lole yogwa,
n'kulowa kamsewu kafumbi ka m'mapaini.
Pamenepo, pakati pa njira,
timakala tiwiri tofiira.

Ndinaponda buleki ngati ndaona mwana.

Ananyamuka.
Nsalu ziwiri zoyera zikumutsata,
kukwera, kutsika, kuzungulira m'kuwala,
akutola inswa ngati palibe amene anamulakwirapo.

"Ndikuona zoyera zokha," Mayi ananong'ona,
"ngati munthu akutsanzika ndi mipango.
Ndiuze zotsalazo."
Ndinawauza: mutu wafulati, kukamwa kotakata,
mapiko a mtundu wa makungwa.
Dzanja langa lamanja, ndinazindikira,
linali litatsina kale mwala womwe kulibe.
Ndinalikhazika pa chiwongolero.

Anatsegula kope pa bondo, mumdima,
cholembera chikuphonya mzere.
"Makilomita onse aja," anatero,
"chonsecho amakhala kuseri kwa nyumba."

Pa malo olemba woona analemba dzina langa.
Ndinawasiya pa geti lobiriwira lija,
ndipo mpaka ku Chibavi
ndinayendetsa pang'onopang'ono,
maso pansi, pamsewu.